Mimba ya Nyongolotsi

Pansi pa mlatho wopita ku Kawale,
pomwe mtsinje wa Lilongwe umachita ulesi mu Okutobala,
ndimakumba matope ndi chikwanje chothyoka.
Ndine wogulitsa nyambo.
Chitini chimodzi, faifi handiredi,
ukandiseketsa ndikuikira zitatu za basela.

Kale nyongolotsi zinali zofiira, zonona,
ukaigwira inkapota thupi, inkakana,
mbedza inkalowa ndewu ili mkati.
Zamakonozi zimangogona m'dzanja
ngati ulusi wosololoka ku siketi.
A Mbendera, owedza milamba kuseri kwa msika,
anandibwezera chitini dzana:
"Izi zinafa kale, mphwanga,
zikungodikira mwambo wa maliro."

Mlongo wanga Sungeni amaphunzira ku Bunda.
Loweruka anabwera ndi botolo lopanda kanthu,
natolamo khumi ndi ziwiri, ndi matope ake omwe,
nakwera nazo minibasi atazifungatira ngati khanda.
Lachitatu anandiitana.

Ndinasamba, ndinabwereka nsapato.
M'chipinda chonunkha mankhwala
ndinatsinzina diso limodzi, kusuzumira m'magalasi,
ndipo mimba ya nyongolotsi inakula
mpaka kufanana ndi ngalande ya ku Mchesi.
Munali kaulusi kabuluu kopindika,
kachidutswa koyera ngati mchere wokana kusungunuka,
ndi kena kakuda, kosongoka.
"Aka n'ka jumbo," anatero Sungeni.
"Aka mwina kanathothoka ku juzi la kaunjika
tsiku lomwe wina ankalimenyetsa pamwala.
Imameza poyesa chakudya.
Mimba imadzaza, njala ili pomwepo."

Kukhuta osadya.
Ndinakumbukira chaka chija, ine ndi iye,
tinkamwa makapu awiriawiri a madzi
kuti tulo tibwere.

Ndinkayesa jumbo ikang'ambika ndiye kuti yafa.
Ayi, imangobereka.
Dzuwa limaiphwanya, mchenga umaipera,
matayala a kabaza amaisinja pamsewu,
mvula yoyamba n'kutsitsira ufawo kumtsinje.
Ife pamlatho timati madzi atenga,
zapita kwa eni ake ku Salima uko.
Chonsecho zangokhala pansi pomwepa,
pakhomo pa amene alibe maso osankhira,
alibe zala zotolera mwala mu mpunga.

Alimi awa sanalembedwe m'kaundula wa makuponi.
Alibe khasu, alibe mfumu yowaimira,
koma usiku ndi usana amatembenuza matope
kuti mtsinje upume.
Akafooka, pansi pamauma ngati simenti,
madzi amayamba fungo la dzira lovunda.
Ndani adzawerenge mitembo
ya chinthu chosalira?

Ndinafunsa Sungeni: nanga mlamba ukameza nyongolotsi?
Anakhala chete, akupukuta kagalasi.
Nanga mlamba uja mkazi wanga anagula kwa a Mbendera,
uja Tinenenji ananyambita mutu wake
mpaka kutsala minga yokha?
"Tikufufuzabe, achimwene," anatero.
Mawu amenewo ndinabwerera nawo m'minibasi,
anandikhala pamiyendo ngati katundu wa mwini.

Lero ndakumbanso. Ndidya chiyani ndikaleka?
Imodzi inatukula mutu, ngati ndi mutu,
n'kugwanso.
Ndinaibwezera m'dzenje, ndinafotsera,
osadziwa ngati ndaipulumutsa
kapena ndaibwezera ku mbale yomwe ikuipha.

Masana ndinagula tchipisi pachiwaya cha Yotamu.
Anandiikira m'kajumbo kabuluu, monga mwa masiku onse.
Nditatha kudya, dzanja linanyamuka lokha
kuloza kumadzi,
chizolowezi cha zaka makumi atatu.
Ndinaligwira ndi linzake.

Kajumboko kali m'thumba la buluku langa,
kamafuta, kakulira chekecheke ndikamayenda.
Dzulo ndinasunganso kena.
Bini ya pamsika inadzaza mwezi watha,
ndipo mphepo ikuitapula pang'onopang'ono
kupita nazo komwe ndimakumba.
Mathumba ndili nawo awiri okha.